Za Kukulunga Chingwe cha Mbedza

Inu owedza mlamba m'Shire, kaya tsidya la Balaka kaya la Liwonde, tamverani. Chingwe choluka cha m'sitolo ncholimba ndithu, koma chiterera, ndipo sichitamuka monga nailoni. Chifukwa chake muyambe mwakulunga nailoni pang'ono pa chokulungira chanu, nimulumikize cholukacho pamenepo. Mukapanda kutero, chingwe chonse chidzangozungulira osakoka nsomba.

Mnzanu achigwire ndi nsanza yonyowa, osati ndi zala, pakuti chicheka ngati mpeni. Inu kulungani mothina, pang'onopang'ono. Mukakulunga mosathina, mlamba waukulu pokoka udzaloŵetsa chingwe pakati pa chinzake, nichidzakodwa, nichidzaduka, ndipo ana adzagona osalaŵa ndiwo.

Musadzaze kufikira m'milomo. Siyani kampata konga njere ya mapira.