Wolowa Kumene M'gulu la Odzipereka Ayambe ndi Kufunsa

Mnyamata kapena mtsikana amene walowa kumene m'gulu la ntchito yodzipereka amafika kumudzi atavala malaya olembedwa dzina la bungwe, m'chikwama muli kope la zimene anaphunzitsidwa ku Lilongwe, ndipo amafunitsitsa kuti mwezi usanathe anthu aone kuti kwabwera munthu. Changu chimenechi n'chabwino. Pakadapanda icho, palibe akanasiya magetsi a m'tauni kukagona m'nyumba yofolera udzu kwa Santhe kapena kwa Chulu. Koma m'chidikha cha fodya cha Kasungu, wodzipereka amene amadzasiya phindu ndi uja amene miyezi yake yoyamba imathera pa kufunsa, kuyenda pambuyo pa anzake amene wawapeza, ndi kudziwa mmene mudziwo umayendera chaka chonse. Ambiri amaona nyengo imeneyi ngati kuchedwa, chonsecho ndiyo ntchito yoyamba, ndipo woidumpha amadzaibwerera zina atawononga kale.

Ku Kasungu chaka amachiwerenga ndi fodya. Nazale amafesa dzuwa likuswa mtengo, mvula isanayambe, ndipo kuthirira m'mawa ndi madzulo kumafuna banja lonse. Ikagwa mvula yobzalira, cha mu Disembala, aliyense ali kumunda kuwokera. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi kuthyola, kusoka masamba ndi kuwapachika m'zigafa, ndipo miyezi yomweyi ndi imene nkhokwe zimakhala zilibe kanthu, anthu akuthamangira ganyu kuti apeze ufa wa tsikulo. Kenaka pamabwera kusankha fodya, kudinda mabelo pa jeke ndi kudikira galimoto yopita ku msika wa Chinkhoma, umene kawirikawiri umatsegulidwa cha mu Epulo. Wodzipereka watsopano akaitanitsa msonkhano wa achinyamata 9 koloko m'mawa mu Febuluwale n'kupeza anthu atatu pansi pa mtengo, amalemba mu lipoti kuti anthu a kuno safuna chitukuko. Akanafunsa anzake akale m'gululo, akanamuuza kuti msonkhano wotere umayenda madzulo kapena Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi, komanso kuti za kusonkha ndalama amakamba ndalama za fodya zikayamba kulowa.

Tifunsenso kuti gulu limene munthuyu walowamo ndi liti kwenikweni. Papepala ndi anyamata ndi atsikana ochepa amene bungwe lawatumiza. Kumudzi, ntchito yodzipereka inalipo iwo asanabwere. Kuli amayi ophikira ana phala pa sukulu ya mkombaphala, a komiti ya mjigo amene amasonkhetsa ndalama ukawonongeka, a komiti ya chitukuko ya VDC, amayi amene amalondola mtsikana kwawo akasiya kuoneka m'kalasi, ndi achinyamata othandiza alangizi a zaumoyo tsiku la sikelo. Ambiri mwa anthuwa agwira ntchitoyi zaka ndi zaka osalandira kanthu. Wobwera kumene akayambitsa komiti yakeyake, ya mayina atsopano ndi malaya atsopano, iwo samukanira pamaso. Amangodzipatula mwakachetechete, ndipo tsiku limene iye adzanyamuke komitiyo idzanyamuka naye. Njira yake ndi yodziwika: kukaonekera kwa anyakwawa ndi agulupu, kupereka moni mwaulemu, kunena kuti "Tabwera kuti mutisonyeze za kuno," kenaka n'kukhala pansi kumva. Pofunsapo ndi pamene adzadziwe kuti kumpoto kwa bomali, kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, Chitumbuka ndicho chimamveka kwambiri, ndi kuti m'maesiteti muli mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe amene uthenga wodzera kwa mfumu ungathe kuwadumpha onse.

Dziko lino linayesapo njira inayo, yobwera ndi malamulo m'malo mofunsa, ndipo akuluakulu a ku Kasungu, kwawo kwa Dr Hastings Kamuzu Banda, sanaiwale. Gulu la Malawi Young Pioneers linakhazikitsidwa mu 1963 mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel, ndipo m'misasa monga wa Nasawa ku Zomba achinyamata ankaphunzira ulimi wamakono, umisiri ndi mwambo wa chisilikali. Kungakhale kunama kunena kuti panalibe chabwino, pakuti ambiri anatulukako ali alimi ndi amisiri odziwa ntchito. Koma wolowa m'gulu limenelo ankaphunzitsidwa kumvera akumtunda, ndipo kwa anthu wamba ankabwera ndi lamulo. M'kupita kwa nthawi apayoniya anasanduka anthu oopedwa, mpaka mu Disembala 1993 asilikali a boma anawalanda zida pa zimene zinatchedwa Operation Bwezani, ena n'kuthawira ku Mozambique. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya National Youth Service ku Neno mu 2022, ndipo wachinyamata aliyense wolowa ndondomeko zoterezi akuyenera kuidziwa mbiriyi, chifukwa agogo amene akukawapatsa moni kumudziko anaona ndi maso awo achinyamata a yunifolomu obwera ndi mayankho okhaokha.

Ena anena kuti wodzipereka alibe nthawi yotaya. Wapatsidwa chaka chimodzi kapena kucheperapo, ndipo opereka ndalama akufuna zithunzi ndi manambala. N'zoona, koma mabungwe amene akhalitsa pa ntchitoyi anaona kuti kuthamanga sikupindula. Peace Corps ya ku America, imene inayamba kutumiza anthu kuno mu 1963, imayamba yaphunzitsa odzipereka ake chilankhulo ndi chikhalidwe kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo akafika kumalo awo ntchito yoyamba imakhala kudziwana ndi anthu. CorpsAfrica, imene imatumiza achinyamata a konkuno kukakhala m'midzi ya dziko lawo lomwe, nayo imaika kumvetsera patsogolo: eni mudzi ndiwo amasankha ntchito, wodzipereka n'kuthandiza kuti itheke. Mmalawi mnzathu amafunikanso nyengo imeneyi ngakhale Chichewa anayamwira. Digiri ya ku Bunda siuza munthu chifukwa chimene dimba la kalabu ya achinyamata linasiyidwira chaka chathachi, kapena kuti malo amene wapatsidwa kuti amangepo khola la mbuzi mabanja awiri akulimbirana.

Kutsutsa kolemera ndi kwina. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndiye ena amaopa kuti akazolowera kwambiri kalumoko kabuntha. Ndipo m'minda ya fodya muli zinthu zosayenera kuzolowereka. Lipoti la Plan International la mu 2009 linasonyeza kuti ana othyola fodya amalowedwa chikonga kudzera pakhungu, nthawi zina chofanana ndi kusuta ndudu 50 pa tsiku. Mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pamadoko ake chifukwa cha nkhani za kugwiritsa ana ntchito ndi ntchito yokakamiza, ndipo mu 2021 lamulo la ntchito linasinthidwa n'kuletsa utenanti. Nanga wodzipereka akaona mwana wa zaka khumi akusoka fodya anzake ali m'kalasi, atseke pakamwa poti ndi mlendo? Ayi ndithu. Koma taganizani za amene wafika dzulo, lero waima pakhomo la chigafa kukalipira bambo a mwanayo: mawa adzapeza mwana uja amulowetsa mkati, akusokabe. Amene wayamba wafunsa amadziwa kuti bambowo ali ndi ngongole ya feteleza ndi chimanga imene idzadulidwe fodya akagulitsidwa, ndipo alibe ndalama yolembera waganyu. Amadziwanso amene mawu awo amamveka pa nkhaniyi, monga aphunzitsi aakulu, amfumu, a komiti yoteteza ana ndi a ofesi ya zantchito kuboma. Mwana akakhala pangozi yeniyeni nkhaniyo siyodikira, iyenera kukafika kwa oyenera tsiku lomwelo, ndipo ngakhale pamenepo anzake akale m'gulu ndiwo amadziwa khomo logogoda. Kufunsa kumampatsa mlendo malo oyenera odulapo ndi kalumo kake kaja.

Yatsala nkhani ya ndalama, imene imapasula magulu ambiri ngakhale sikambidwa poyera. Achinyamata ambiri amalowa ntchito yodzipereka chifukwa yolipidwa yasowa, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Zimavuta pamene wochokera kutauni akulandira kangachepe pamwezi kuphatikizapo alawansi ya kumaphunziro, pomwe mnzake wa m'mudzi, amene amamunyamula panjinga yake ndi kumumasulira, akulandira botolo la Fanta. Ena amati apa m'pamene paonekera kuti kudzipereka konseko n'chiphamaso. Kunena choncho n'kupyola, chifukwa ana amene adya phala pa sukulu ya mkombaphala adyadi, kaya wophikayo analipidwa kapena ayi. Komabe kusiyanako kulipo, ndipo wolowa kumene, ngakhale sangasinthe bajeti ya bungwe, angathe kufunsa msanga kuti amalandira chiyani ndani, kuonetsetsa kuti maulendo a kumaphunziro akusinthanasinthana, ndi kulemba mu lipoti mayina a amene anagwiradi ntchito. Mabungwe nawo ali ndi mbali yawo. Watsopano asamatumizidwe akale atachoka kale. Masabata angapo ogwira ntchito limodzi amapulumutsa miyezi yofufuza zinthu zimene wina akudziwa. Tsiku lofikira nalo lizisankhidwa poyang'ana fodya: wofika mu Meyi kapena Juni, msika utatsegulidwa ndipo anthu apezako mpata, amapeza womuyankha mafunso ake, pomwe wofika mu Januwale amapeza mudzi wonse uli kumunda.