Momwe ukapolo udang'ambira dziko la America pakati

Pamene boma la America lidachita kalembera m'chaka cha 1860, lidapeza kuti mwa anthu 31 miliyoni a m'dzikomo, pafupifupi 4 miliyoni adali akapolo. Amenewa adali anthu akuda, adzukulu a iwo amene adatengedwa ku Africa, ndipo lamulo linkawawerengera pamodzi ndi ziweto: ankagulitsidwa pamsika, kuikidwa chikole kubanki ndiponso kugawidwa ngati chuma chamasiye. Patangopita chaka chimodzi, dzikolo lidalowa m'nkhondo yapachiweniweni imene idapha anthu ake ambiri kuposa nkhondo ina iliyonse m'mbiri yake.

Ukapolo udazika mizu kumeneko kuyambira 1619, pamene Aafrika pafupifupi 20 adatsitsidwa m'sitima ku Virginia. Dzikolo litadzimasula ku ulamuliro wa Britain, zigawo za kumpoto zidayamba kuuthetsa pang'onopang'ono, ndipo ena ankayembekeza kuti kummwera nako ufa wokha. Thonje ndilo lidautsitsimutsa. M'chaka cha 1793, Eli Whitney adapanga makina olekanitsa thonje ndi njere zake mofulumira, pa nthawi imene mafakitale a nsalu a ku England ankalifuna ndi maso ofiira. Minda idafalikira mpaka ku Mississippi ndi Texas, ndipo pofika 1860 thonje lokha linkabweretsa ndalama zoposa theka la zimene dzikolo linkapeza pa katundu wotumiza kunja. Tisaganize kuti a kumpoto adali oyera m'manja: mabanki a ku New York ndi mafakitale a ku Massachusetts ankadya nawo thukuta lomwelo.

Chimene chidautsa mapiri pachigwa ndi malo atsopano. Dzikolo linkakula kulowera kumadzulo, ndipo chigawo chilichonse chatsopano chinkatumiza aphungu awiri ku nyumba ya malamulo ya Senate. Choncho funso loti chigawocho chilole ukapolo kapena ayi lidali funso la amene adzalamulire dziko lonse. M'chaka cha 1820 andale adagwirizana kuti Missouri ilowe ngati chigawo cha ukapolo, Maine ilowe ngati chigawo chaufulu, ndipo adalemba malire pamapu kuti ukapolo usadutse kupita kumpoto. Bata limeneli lidasokonekera America italanda malo aakulu kwa Mexico m'chaka cha 1848. Pa mgwirizano wa 1850, California idalowa yopanda ukapolo, koma a kummwera adapatsidwa lamulo lokakamiza nzika iliyonse, ngakhale ya kumpoto, kuthandiza kugwira akapolo othawa. Munthu wa ku Boston amene ankati za ukapolo sizimukhudza tsopano ankaona ndi maso ake mnzake akukokedwa mumsewu atamangidwa unyolo. Buku la Harriet Beecher Stowe lotchedwa Uncle Tom's Cabin, lomwe lidatuluka mu 1852, lidafikitsa nkhanza zimenezi m'nyumba za anthu amene sadapondeko m'munda wa thonje.

Kuyambira pamenepo zinthu zidangotsetsereka. Lamulo la 1854 lidafafaniza malire aja ndi kunena kuti anthu a ku Kansas ndi Nebraska asankhe okha. Mbali zonse ziwiri zidathamangira ku Kansas ndi mfuti, ndipo mwazi udakhetsedwa. Mu 1856 phungu Preston Brooks adamenya Charles Sumner ndi ndodo m'nyumba ya Senate momwemo mpaka kukomoka, chifukwa cha mawu amene adalankhula odzudzula ukapolo. Chaka chotsatira, khoti lalikulu la dzikolo lidagamula pa mlandu wa Dred Scott kuti munthu wakuda sangakhale nzika ya America, ndiponso kuti nyumba ya malamulo ilibe mphamvu yoletsa ukapolo m'malo atsopano. Ngakhale mipingo idali itagawikana kale: wa Methodist mu 1844 ndi wa Baptist mu 1845, mbali iliyonse ili ndi Baibulo m'manja. Mu Okutobala 1859, John Brown, mzungu wodana ndi ukapolo, adaukira nkhokwe ya zida ku Harpers Ferry pofuna kuyambitsa kugalukira kwa akapolo. Adagwidwa n'kunyongedwa, koma mantha amene adasiya kummwera sadathe.

Abraham Lincoln wa chipani cha Republican atapambana chisankho cha Novembala 1860, sadalonjeze kuthetsa ukapolo kumene udalipo kale. Iye ankangoti usafalikirenso. Eni akapolo adamva bwino tanthauzo lake: popanda zigawo zatsopano, mphamvu zawo m'boma zikadatha tsiku lina. Pa 20 Disembala, South Carolina idalengeza kuti yatuluka m'dzikolo, ndipo m'kupita kwa miyezi zigawo 11 zidapanga boma lawolawo la Confederacy pansi pa Jefferson Davis. Mpaka lero alipo amene amati nkhondoyi idali yoteteza ufulu wa zigawo kudzilamulira. Zikalata zimene South Carolina ndi Mississippi zidalemba pofotokoza chifukwa chotulukira zimatchula ukapolo mosapsatira, ndipo n'kovuta kutsutsa eniake.

Mfuti zoyamba zidalira ku Fort Sumter pa 12 Epulo 1861. Poyamba Lincoln ankamenyera umodzi wa dziko basi, koma akapolo eniake adasintha nkhope ya nkhondoyo pothawira mwaunyinji kumisasa ya asilikali a kumpoto. Pa 1 Januwale 1863 iye adalengeza kuti akapolo onse a m'zigawo zogalukira ndi mfulu, ndipo amuna akuda pafupifupi 180,000 adalowa usilikali. Mkulu wa asilikali a kummwera, Robert E. Lee, adagonja kwa Ulysses S. Grant ku Appomattox pa 9 Epulo 1865. Anthu osachepera 620,000 adali atafa, ambiri mwa iwo ndi matenda a m'misasa. Pasanathe sabata, Lincoln adawomberedwa ali m'nyumba ya zisudzo ku Washington.

Malamulo oyendetsera dziko adasinthidwa katatu: mu 1865 kuthetsa ukapolo, mu 1868 kupereka unzika kwa aliyense wobadwira m'dzikomo, ndi mu 1870 kuletsa kumana mwamuna voti chifukwa cha khungu lake. Mabanja amene adabalalitsidwa ndi misika ya akapolo adayamba kufunafunana, sukulu ndi mipingo ya anthu akuda zidatsegulidwa, ndipo mu 1870 Hiram Revels wa ku Mississippi adakhala munthu wakuda woyamba kulowa mu Senate.

Chimene chidasowa ndi nthaka. Minda imene mabanja ena adagawiridwa kumapeto kwa nkhondo, mpaka maekala 40 banja lililonse, idabwezedwa kwa eni ake akale molamulidwa ndi Pulezidenti Andrew Johnson. Ambiri adabwerera m'minda yomwe ija kukalima mogawana zokolola ndi mwinimunda, ali m'ngongole zosatha. Amene akudziwa za utenanti wa m'maesiteti a fodya sangavutike kumvetsa. Gulu la Ku Klux Klan linkaopseza ndi kupha ofuna kuvota. Asilikali a boma atachotsedwa kummwera mu 1877, zigawozo zidakhazikitsa malamulo a tsankho m'sukulu, m'sitima ndi m'malo odyera, ndipo khoti lalikulu lidavomereza tsankholo mu 1896. Padatenga malamulo a 1964 ndi 1965, patapita zaka 100 chithere nkhondo, kuti ufulu wovota wa anthu akuda kummwera utetezedwe kwenikweni.

Ndi m'nyengo ya tsankho imeneyo pamene John Chilembwe adafika ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth. Adaphunzira pa sukulu ya zaubusa ya anthu akuda ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia chomwe chija, pakati pa ana a akapolo omasulidwa. Atabwerera mu 1900, mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention ndiwo udamuthandiza kumanga Providence Industrial Mission ku Chiradzulu.