Wapolisi akakweza dzanja, kumbukirani amene ali kumbuyo kwanu

Tsiku loyamba kuimitsidwa ndi apolisi a pamsewu ndinali nditangotha milungu itatu chilandirireni laisensi. Ndinkachokera ku Lunzu kulowera m'tauni ya Blantyre pa msewu wa M1, pa kagalimoto ka amalume anga. Nditangoona dzanja la wapolisi lili m'mwamba, ndinachita nthumanzi n'kuponda buleki pomwepo, pakati penipeni pa msewu. Kumbuyo kwanga kunali wakabaza wa njinga yamoto atanyamula mayi wobereka mwana. Anakhotera kumbali mpaka kukalowa m'fumbi. Mwamwayi sanagwe.

Wapolisiyo atafika pawindo anangoti, "Achimwene, ndaimitsa inuyo, osati msewu wonse." Mapepala anga onse anali bwino. Cholakwa changa chinali kaimidwe basi, ndipo chikanatha kuchotsa moyo wa anthu atatu.

Lamulo la pamsewu m'dziko muno, Road Traffic Act ya 1997, limati dalaivala aime wapolisi wa yunifolomu akamuimitsa. Apa palibe zokambirana. Kungodutsa ngati simunaone ndi mlandu paokha, ngakhale galimoto yanu ikhale yopanda vuto lililonse. Koma kuima sikutanthauza kumanga buleki mwadzidzidzi ngati mmene ndinachitira ine.

Kuno timayenda kumanzere, choncho kumanzere n'komwe timaimira. Yambani mwayang'ana pagalasi kuti muone amene akukutsatirani. Yatsani indiketa ya kumanzere: wapolisi adziwa kuti mwamuona, ndipo wakumbuyo adziwa kuti mukupatuka. Chepetsani liwiro pang'onopang'ono, tulukani pa tala ngati malo alipo, kenako kokani handibuleki. Musaime pokhota, pa mlatho, pamwamba pa chitunda kapena powolokera anthu. Kupitirira mamita ochepa indiketa ikuyaka kuti mupeze malo abwino n'kwanzeru kusiyana n'kutseka msewu. Ukakhala usiku, yatsani getsi la m'kati kuti muzionana nkhope.

Mukaima, tsitsani windo, foni ikhale pambali. Perekani moni, dikirani afunse. Kawirikawiri amafuna laisensi, n'kuyang'ana COF ndi inshulansi pagalasi lakutsogolo. Ngati akuti mwalakwa, funsani mwaulemu kuti, "Bwana, mlandu wanga ndi uti?" Mukalipira chindapusa, musachoke opanda lisiti la boma. Zija timati "ya Fanta" zija ndi ziphuphu, ndipo lamulo la Corrupt Practices Act limagwira wopereka ndi wolandira yemwe.

Ambiri amene mukuwerenga izi pa foni mwina mulibe galimoto, koma nkhaniyi ikukukhudzani. Tonse takwerapo minibasi imene dalaivala wake, akangomva kuti kutsogolo kuli apolisi, amaithamangitsa kulowa m'tinjira ta m'makwalala, kondakitala ali chiimire pachitseko. Ife timangokhala duu, ena mpaka kuseka. Komatu iye akuthawa chindapusa, pamene ife tayika miyendo ndi miyoyo yathu pachiswe. Palibe cholakwika kunena kuti, "Adalaivala, imani, kapena titsitseni."

Ine masiku ano ndikaona dzanja lija, maso anga amayamba apita pagalasi, kenako phazi pa buleki. Mayi uja ndi mwana wake sindikuwadziwa ngakhale dzina, koma ndi amene anandiphunzitsa zimenezi.