Kadontho kakuda pa mlambe: mbalame yanji iyi?

Chithunzi chinafika pa gulu lathu lapachibale la WhatsApp cha m'ma 6 koloko m'mawa. Anatumiza ndi msuweni wanga wa ku Ulongwe m'boma la Balaka, ndipo pansi pake analemba kuti: "Mbalame yanji iyi? Wolondola ndimugulira mayunitsi a K500."

Kunena zoona, panalibe choti n'kuona. Nthambi ya mlambe, thambo lotuwa, ndi kadontho kakuda ngati ntchentche yofera pagalasi. Foni yake ndi ka itel kakale, kamene ukakoka chithunzi kuti chiyandikire chimangosweka n'kukhala timabokosi. WhatsApp nayo imachifinyanso kuti bandulo isathe msanga.

Ine ndinayankha msanga kuti khwangwala. Wina anati kabawi. Patapita ola, a malume anatumiza mawu, poti iwo zolembalemba sakonda. "Ana inu maso muli nawo? Taonani kumutuko, kutsogolo mlomo, kumbuyo nsonga, ngati nyundo. Ameneyo ndi nantchengwa." Msuweni anatumiza chithunzi china cha pafupi. Analidi nantchengwa.

Masewerawa anayamba choncho, ndipo pamiyezi itatu tsopano ine wa digiri ndalondola kawiri kokha: nkhanga ndi kadzidzi. A malume, amene moyo wawo wonse akhala akupalasa bwato pa Shire ndi pa nyanja ya Malombe, alephera kamodzi.

Nditapita kumudzi ndinawafunsa chinsinsi chake. Anandiseka kaye. Kenako anati mtundu wa nthenga ndi chinthu chomaliza kuyang'ana, chifukwa pamadzi mbalame umaiona ili patali, nthawi zambiri dzuwa lili kumbuyo kwake. Choyamba ndi thupi ndi kaimidwe. Kakowa akamauluka amapinda khosi. Kabawi mchira wake ndi wamphanda, ndipo amaupotoza uku ndi uku ngati chiwongolero. Mpheta siziyenda yokhayokha. Chachiwiri ndi malo: ili pabango, pamwala, kapena pamwamba penipeni pa mtengo wouma? "Foni ya m'bale wakoyo imaona ngati mmene ndimaonera ine m'bandakucha," anatero.

Pamenepa mpamene ndinamvetsa kuti chithunzi choipa chimafufuta zonse zimene ife ophunzira za mbalame m'mabuku timadalira, n'kusiya zokhazo zimene msodzi amagwiritsa ntchito.

Ndinayesako kubera, ndisaname. Pali pulogalamu ya pafoni yotchedwa Merlin Bird ID, yopangidwa ndi Cornell Lab of Ornithology ku America, imene imatchula dzina la mbalame ukaipatsa chithunzi. Pa zithunzi zooneka bwino imagwira ntchito. Pa timadontho ta msuweni wanga inkandipatsa mayina angapo kuti ndisankhe ndekha, onse m'Chingerezi. Ndiye ngakhale ikanalondola, pagulu paja ndikanalemba chiyani? Dzina la m'Chichewa ndilibe, la m'Chiyao limene a malume amawonjezera nthawi zina ndiye ndilibiretu.

Kamodzi kamene analephera kaja n'kosangalatsa. Chinali chithunzi cha mbalame yaikulu, yoyera ndi yakuda, itatera pa mgwalangwa m'mbali mwa Shire. Onse tinati nkhwazi, yomwe ija ili pa chizindikiro cha dziko lathu. A malume anavomereza. Koma mnzake wa msuweni wanga, amene akuphunzira ntchito yoperekeza alendo okaona nyama, anati ayi, ndi mtundu wa muimba umene Azungu amati palm-nut vulture, wokonda zipatso za kanjedza. Mimba yake ndi yoyera, pamene ya nkhwazi ndi yofiirira. A malume anakhala chete tsiku lonse.

Mnyamatayu kwa iye si masewera chabe. Nkhalango ya Liwonde m'boma la Machinga, imene inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo bungwe la African Parks lakhala likuiyang'anira kuyambira 2015, ili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 400. Alendo ena amabwera kudzaona mbalame zokhazokha, njovu osazilabadira n'komwe. Amafuna kadzidzi wamkulu wogwira nsomba, Pel's fishing owl, ndiponso tizinkhwe tating'ono tobiriwira totchedwa Lilian's lovebird, timene m'Malawi muno kwawo ndi ku Liwonde komweko, m'mitengo ya tsanya. Mlendo wotere akaloza kadontho patsidya la mtsinje, woperekeza ayenera kutchula dzina kasanauluke. Ntchito imapezeka kapena kutayika pamenepo.

Palinso kuwerenga. Nyanja ya Chilwa, imene mbali ina ili ku Machinga, inalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar mu 1996, makamaka chifukwa cha mbalame zam'madzi. Nyanjayi ikaphwa, monga zinachitikira mu 1995, nsomba zimasowa ndipo anthu ambiri amatembenukira ku misampha ya mbalame. Sindingawaweruze, njala siidikira. Koma kuti tidziwe mbalame imene ikuchepa, pafunika anthu oisiyanitsa ndi inzake ili patali, ndipo ambiri mwa anthu amenewo ndi osaka omwewo ndi asodzi okalamba, osati ife.

Sabata yatha ndinaganiza zobwezera. Ndikudutsa pa baraji ya Kamuzu pa Liwonde, ndinaona chinthu chakuda chitatambasula mapiko pamtengo kutsidya. Ndinajambula, n'kutumiza, n'kulonjeza K1,000. Mayankho anabwera: khwangwala, mphamba, wina mpaka anati mleme. Ineyo mumtima ndinali nditatsimikiza kuti ndi mbalame ija imayanika mapiko ikatuluka m'madzi.

Madzulo a malume anatumiza mawu. "Mphwanga, mbalame iti imatera mutu ulibe? Limenelo ndi jumbo lakodwa paminga. Mayunitsiwo utumize pa nambala ya azakhali ako."