Kodi mumadziwa? Mabanja otchera misampha m'nkhalango za Canada

• Kumpoto kwa Quebec, m'dziko la Canada, mabanja ambiri a mtundu wa Cree amachoka m'midzi nyengo yozizira ikamayandikira n'kukakhala kutchire miyezi ingapo, kutchera misampha.

• Nkhalango yawo anaigawa m'zigawo pafupifupi 300. Chigawo chilichonse chili ndi mkulu wake, amene amawerenga nyumba za beaver, nyama yam'madzi yomwe imatseka mitsinje ndi mitengo. Iye ndiye amanena kuti chaka chino tigwire zingati, ndipo mbali iti ipumule kuti nyama ziswane.

• Pamsasa palibe wokhala manja lende. Bambo amaboola madzi oundana n'kutchera msampha pansi pake. Mayi amasenda nyama, n'kukunga chikopa pamtengo wopinda ngati mkombero wa lichero kuti chiume. Pansi pa tenti amayala nthambi zanthete za mtengo wa spruce, n'kumazisintha zikauma. Ana amatola nkhuni ndi kutchera akalulu makhwekhwe.

• Pangano lomwe a Cree anasainirana ndi boma mu 1975 linabweretsa ndondomeko yopereka ndalama kwa mabanja amene ankathera masiku osachepera 120 pachaka akusaka ndi kutchera misampha.

• Atsekwe akamabwera kuchokera kum'mwera, cha mu Meyi, sukulu zawo zimatsekera kuti ana apite kukasaka ndi makolo.

• Pamwambo wawo, khanda siliponda dothi lapanja mpaka litayamba kuyenda. Tsikulo amalitulutsa m'tenti m'mamawa, litanyamula kankhwangwa kapena kamfuti kosema.