Kusankha Msoti Wolowa m'Malo mwa Ng'ombe Yokalamba

Anthu ambiri a kwa Mfumu Nyampande, ku dera la Petauke, amene agwira nchito ku migodi ya Kitwe ndi Mufulira kapena mu Lusaka, amatumiza ndalama kwao kuti abale awagulire ng'ombe. Ena ali kale ndi khola, ndipo ng'ombe zikakalamba, afunsidwa kuti anene msoti woti usungidwe ndi woti ugulitsidwe. Munthu akaphonya pamenepa, thukuta la zaka zambiri lipita pacabe.

Ambiri amatengeka ndi maonekedwe: linunda lalikulu, nyanga zabwino, maanga okongola. Koma nchito ya msoti ndiyo kubala. Ng'ombe yobala caka ndi caka ipatsa mwini wace ana 6 pa zaka 6. Yobala caka cino ndi kupumula caka camawa impatsa 3 okha, cinkana zonse ziwiri zidya msipu umodzi ndi kutopetsa mbusa mmodzi.

Akulu anati, "Make mbuu, mwana mbuu." Cotero wogula wanzeru ayamba wafunsa za mace wa msotiwo: wabala kangati? Anadumphitsa caka? Anatayapo bere? Ana ace anakula, kapena anafa ali aang'ono?

Funso lina, limene ambiri aiwala, ndilo mwezi umene msotiwo unabadwa. Ng'ombe ikhala ndi bere miyezi 9 ndi masiku ocepa. Kuti ibale caka ciri conse, iyenera kutenga bere lina isanathe miyezi 3 cibalire. Ng'ombe imafuna nkhunzi pa masiku 21 ali onse, koma yoonda icedwa kuyamba. Tsono imene yabala mu Okutobala kapena Novembala, mvula iri pafupi, ipeza msipu wanthete pa nthawi imene mwana ayamwa kwambiri. Thupi libwerera, ndipo mu Januwale kapena Febuluwale itenganso bere. Mwana wace nayenso afika cilimwe ali wamphamvu. Koma imene yabala dzinja litatha iyamwitsa pa udzu wouma, madambo atapsa, niionda. Mwana wace apinimbira, ndipo acedwa kukhwima. Cifukwa cace misoti yobadwa kumayambiriro a mvula, kwa amai osadumphitsa caka, ndiyo yoyamba kusungidwa.

Msoti wobadwa mapasa pamodzi ndi mwana wamphongo usasungidwe, pakuti pafupifupi yonse yotere ikhala youma. Zaka za msoti zidziwika ndi mano: awiri akulu apatsogolo aturuka utakwanitsa zaka 2 kapena kupitirira pang'ono. Wogulitsa akanena kuti msoti ngwamng'ono, pakamwa pace paziyang'anidwa.

Za mtundu, ng'ombe za Angoni, zimene zazolowera dziko la kum'mawa, zipirira cilala ndi nkhupakupa koposa zocokera kutali. Komabe nazonso zifa ndi cigodola, nthenda yodza ndi nkhupakupa, ndi nthenda ya kashembe ku midzi yoyandikira cigwa ca Luangwa. Ndi bwino kufunsa dotolo wa ziweto ng'ombe isanasamutsidwe.

Munthu wa ku migodi sangaone khola lace tsiku ndi tsiku. Cimene angacite ndico kugulira mbale wosunga ng'ombe kabuku, kuti azilembamo ng'ombe iri yonse, mwezi umene yabala, ndi mwana wace. Pobwera kwao kudzapuma, kabukuko kadzamuuza msoti woyenera kutsala m'khola.