Kuika ndi Kulumikiza Chipangizo Chochotsa Zonyansa ndi Thovu m'Matanki a Madzi a Mchere

M'chigawo chino cha Africa, ulimi wa zamoyo za m'nyanja ya mchere umachitika m'malo monga Hermanus ndi Gansbaai ku South Africa, kumene amaweta nkhono zotchedwa abalone, ndiponso m'mbali mwa nyanja ku Mozambique, kumene akhala akuweta nkhanu zing'onozing'ono zotchedwa prawn. Alimi ambiri amapopa madzi m'nyanja, kuwadutsitsa m'matanki, kenaka ndi kuwabwezera kunyanja komweko. Njira imeneyi imathandiza pokhapokha ngati madzi a m'nyanjamo ali abwino. M'chaka cha 2017, ndere zing'onozing'ono zimene zimafiiritsa madzi zinachuluka ku Walker Bay ndipo zinapha abalone mamiliyoni angapo m'mafamu a m'deralo. M'chaka cha 2011, matenda a white spot anagwa m'mafamu a prawn pafupi ndi Quelimane. Pa nthawi ngati zimenezi mlimi amafuna kutseka madzi ochokera kunyanja ndi kugwiritsa ntchito madzi omwe ali nawo kale mobwerezabwereza. Akatero, ndowe, mamina a ziweto ndi zotsalira za chakudya zimayamba kuunjikana m'madzimo.

Chimodzi mwa zipangizo zochotsera zonyansazi ndi chimene amachitcha protein skimmer. Chipangizochi sichovuta kumvetsa ndipo sichiwonongeka kawirikawiri. Chikalephera kugwira ntchito, nthawi zambiri vuto limakhala pa malo amene chinaikidwa kapena pa kalumikizidwe ka mapaipi. Mlangizi ayenera kuyamba wayang'ana zimenezi asanalangize mlimi kugula china.

Mmene chimagwirira ntchito

Chipangizochi ndi chimpanda chobulungira, chachitali, mmene madzi amasakanizidwa ndi timathovu tambirimbiri ta mpweya. Mapuloteni, mafuta ndi zonyansa zina zosungunuka zili ndi mbali ziwiri: ina imagwirizana ndi madzi, ina imathawa madzi. Mbali yothawa madziyo imakakamira pa timathovu. Pamene timathovu tikukwera, timanyamula zonyansazo pamodzi ndi tinyenyeswa tating'ono kwambiri toti sefa wamba sangatigwire. Pamwamba, chimpandacho chimachepa ndi kukhala ngati khosi la botolo. M'khosimo thovu limaundana, ndi kusefukira m'kapu imene amaikhuthula. N'chimodzimodzi ndi thovu la bulauni limene limatuluka pamwamba pa mphika wa nyama, loti wophika amalichotsa ndi chipande.

Phindu lake ndi lakuti zonyansa zimachoka m'madzi zisanawole. Zikawola, mabakiteriya amazisandutsa amoniya, amene ndi poizoni kwa ziweto, ndipo kuwolako kumatha mpweya wa okosijeni. Koma amoniya amene wapangika kale sachoka ndi thovu. Ameneyo amachotsedwa ndi sefa ya mabakiteriya, choncho chipangizochi sichilowa m'malo mwa sefayo. Sichiphanso tizilombo toyambitsa white spot.

Mpweya umalowa m'njira zosiyanasiyana. Zipangizo zakale zinkagwiritsa ntchito kathabwa kofewa kamene kamatulutsa timathovu pamene pampu ikukankhiramo mpweya. Kathabwako kamatsekeka ndipo kamafuna kusinthidwa pafupipafupi. Zina zili ndi venturi, imene ndi paipi yopanikizika pakati. Madzi akamadutsa pamalo opanikizikawo amathamanga kwambiri ndipo amayamwa mpweya kudzera pa kabowo ka pambali. Dzinali linachokera kwa Giovanni Battista Venturi wa ku Italy, amene anafotokoza za mayendedwe amenewa a madzi m'chaka cha 1797. Zipangizo zambiri za masiku ano zili ndi pampu ya gudumu la timinga, limene limaduladula mpweya kukhala timathovu tosalala ngati mkaka.

Chifukwa chake chimafuna mchere

Madzi a m'nyanja yaikulu ali ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi. Mchere umenewu umaletsa timathovu kuphatikizana, kotero timakhalabe tating'ono ndipo timakwera pang'onopang'ono. M'madzi opanda mchere timathovu timaphatikizana msanga, timakula, ndipo timaphulika tisanapange thovu lolimba. Alangizi a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ayenera kudziwa zimenezi, pakuti mlimi wa chambo kapena mlamba m'matanki angathe kuona chipangizochi m'mabuku a amalonda ndi kuganiza kuti chimuthandiza. M'madzi opanda mchere chimatulutsa thovu pokhapokha nsomba zikakhala zothithikana kwambiri ndipo madzi ada ndithu. Kwa alimi ambiri otere, ndalamazo zingagwire ntchito yabwino pa sefa ndi pa pampu ya mpweya.

Malo oyenera kuchiika

Madzi ochokera m'thanki ya ziweto amatsikira m'thanki ina yapansi, mmene mumakhala zipangizo zoyeretsera, kenaka pampu imawakwezanso. Madzi otsikawo achokere pamwamba penipeni pa thanki ya ziweto, chifukwa mafuta ndi mapuloteni amasonkhana pamenepo. Ayambe adutsa pa sefa yogwira zinyalala zikuluzikulu, kenaka afike pa skimmer, ndipo sefa ya mabakiteriya ibwere pambuyo pake.

Chofunika kuposa zonse ndi chakuti madzi a pamalo pamene chipangizochi chaima asamakwere kapena kutsika. Zipangizo zazing'ono zambiri zoima m'thanki yapansi zimafuna madzi akuya masentimita 15 mpaka 25, ndipo wopanga amalemba muyeso weniweni m'kabuku kake. Madzi akakwera ndi masentimita awiri kapena atatu okha, thovu limasefukira ndi kudzaza kapu ndi madzi abwinobwino. Akatsika, thovu silifika m'khosi ndipo kapu imakhala youma. Mlimi wosadziwa amangokhalira kupotokola valavu m'mawa ndi madzulo, chonsecho vuto lili pa kuya kwa madzi.

Pofuna kuthetsa zimenezi, thanki yapansi igawidwe zipinda ndi khoma la galasi kapena la pulasitiki. Madzi adzaze chipinda cha skimmer ndi kusefukira pamwamba pa khomalo kupita ku chipinda cha pampu yokwezera madzi. Motero kuya kwa madzi m'chipinda choyamba kumafanana nthawi zonse ndi kutalika kwa khoma, ndipo madzi akamauluka ndi kutentha, chimene chimatsika ndi chipinda cha pampu chokha. Ngati khoma ndi lalitali kuposa muyeso wofunika, chipangizo chiikidwe pa kathebulo ka pulasitiki. Madzi ouluka abwezeredwe ndi madzi opanda mchere ndiponso opanda klorini, popeza mchere suuluka.

Kulumikiza mapaipi

Mapaipi onse akhale a PVC kapena pulasitiki ina yolimba. Pasapezeke mkuwa pena paliponse pamene madzi akudutsa, ngakhale pa valavu imodzi yokha, chifukwa mkuwa wochepa kwambiri umapha prawn ndi nkhono. Chitsulo wamba nachonso chimachita dzimbiri msanga m'madzi a mchere. Guluu wa PVC apatsidwe tsiku lathunthu kuti aume, ndipo mapaipi atsukidwe asanalumikizidwe ku thanki ya ziweto.

Valavu yochepetsera madzi olowa iikidwe kutsogolo kwa pampu, kumene madzi akutulukira, osati kumene pampu ikuyamwira. Pampu yomanidwa madzi imachita phokoso, imatentha ndipo imatha msanga. Malo onse olumikizira a mbali yoyamwira amatidwe bwino. Mpweya ukamalowa pa mng'alu wa pampu yokwezera madzi, umapanikizidwa ndi kusungunuka mopyola muyeso, ndipo ziweto zimadwala chifukwa cha timathovu topangika m'magazi ndi m'minofu mwawo. Mbali zonse ziwiri za pampu zikhale ndi zolumikizira zomasula ndi manja, kuti potsuka pasafunike kudula paipi.

Paipi yotulutsira madzi ndi imene amisiri ambiri amalakwitsa. Kutalika kwa madzi m'kati mwa chimpanda kumadalira mmene madzi akutulukira momasuka, choncho chilichonse chowabweza m'mbuyo chimakweza thovu. Paipiyi isachepe kuposa bowo limene wopanga anaika. Ikhale yaifupi, yopendekera pansi njira yonse, yopanda zigongono zambiri, ndipo isakwere pena paliponse. Kukamwa kwake kukhale pamwamba pa madzi a m'thanki yapansi kapena kungowakhudza chabe. Ikamizidwa mwakuya, mpweya umatsekeredwa m'paipimo ndi kumatuluka mwa apo ndi apo, ndipo thovu limakwera ndi kutsika ngati likupuma. Chipangizo choima kunja kwa thanki chiikidwe pamalo okwera kuti bowo lake lotulutsira likhale pamwamba pa madzi a m'thankimo. Pa paipi imeneyi pamayenera valavu ya mtundu wa gate, yotseka pang'onopang'ono ndi chopotokola. Ya mtundu wa ball ndi yotsika mtengo, koma kuikhudza pang'ono kumasintha madzi kwambiri, choncho ndi yabwino pongotsegulira ndi kutsekera basi. Madzi otuluka amanyamula timathovu tina, motero adutse pansi ndi pamwamba pa makoma awiri kapena atatu asanafike pa pampu yokwezera.

Kapaipi ka mpweya kathere pamalo okwera kuposa madzi a m'chimpanda. Kayamwe mpweya wabwino, kutali ndi utsi wa jenereta, penti ndi mankhwala opopera udzudzu, pakuti chilichonse chimene chili mu mpweyawo chimalowa m'madzi.

Magetsi akazima

M'maiko ambiri a chigawo chino magetsi amazimazima, ndipo kalumikizidwe kayenera kukonzedwa poganizira zimenezi. Pampu ikaima, madzi a m'mapaipi amabwerera m'thanki yapansi. Ngati kukamwa kwa paipi yokwezera kwamira m'thanki ya ziweto, paipiyo imayamba kuyamwa madzi chobwerera, monga imachitira paipi yotsitsira mafuta mu mgolo. Kabowo kakang'ono koboola pa paipiyo, pansi pang'ono pa pamene madzi amalekezera, kamalowetsa mpweya ndi kuimitsa kuyamwako. Thanki yapansi isiyiridwe malo okwanira kulandira madzi obwerawo. Njira yodziwira ndi kuzimitsa magetsi dala, mlangizi ali pomwepo, ndi kuona pamene madzi alekezere.

Magetsi akabwera, madzi m'thanki yapansi amakhala akadali okwera, ndipo skimmer ikayaka nthawi yomweyo imasefukira ndi kubwezera m'madzi zonyansa za m'kapu. Iyatsidwe patapita mphindi zingapo pampu yokwezera itayamba, kaya ndi dzanja kaya ndi swichi yochedwetsa. Alimi ena amalumikiza kapu ku ngalande yotayira madzi. Kutero n'koopsa, chifukwa chipangizo chikasefukira usiku chingathe kutaya madzi ochuluka popanda wodziwa. Ndi bwino kuti kapu itsirire m'chigubu chodziwika kukula kwake. Zipangizo zonse za magetsi zidutse pa swichi yodzizimitsa yokha magetsi akakhudza madzi.

Masabata oyamba ndi chisamaliro

Poyesa ngati mapaipi akudontha, madzi opanda mchere ndi okwanira, koma thovu silidzaoneka ndipo mlimi asaganize kuti wagula chipangizo chakufa. Ngakhale m'madzi a mchere, chipangizo chatsopano chimatenga sabata imodzi kapena ziwiri chisanakhazikike, chifukwa cha mafuta otsalira pa pulasitiki. Pa nthawi imeneyi valavu yotulutsira ikhale yotsegula kwambiri. Pambuyo pake itsekedwe pang'onopang'ono kufikira pamene malire a madzi ndi thovu afika m'munsi mwa khosi, ndipo pakasinthidwa kamodzi padikiridwe maola angapo.

Zimene zagwera m'kapu ndi zimene zimasonyeza ngati zinthu zili bwino. Zikakhala ngati tiyi wopyapyala ndipo kapu ikudzaza msanga, thovu lakwera kwambiri ndipo madzi a mchere akutayika. Zikakhala zakuda, zonunkha, ngati khofi wopanda mkaka, chipangizo chikugwira ntchito yake. Thovu limagwa kwa kanthawi ziweto zikangodyetsedwa chakudya cha mafuta kapena munthu akapisa manja m'madzi, ndipo limabwerera lokha. Mankhwala ena amachititsa thovu kusefukira, ndipo chipangizo chimathanso kuwachotsa m'madzi, choncho pochiza ziweto chizimitsidwe ngati malangizo a mankhwalawo akutero, mpweya uperekedwe m'njira ina.

Khosi ndi kapu zitsukidwe kawiri pa sabata, popanda sopo, chifukwa matope omata m'khosi amaphwanya thovu lisanakwere. Thovu likamachepa masiku ndi masiku popanda chimene chasinthidwa, kabowo ka venturi kangakhale katatsekeka ndi mchere wouma. Kapaipi ka mpweya kamizidwe m'kapu ya madzi ofunda opanda mchere, pampu ili chiyakire, kuti kayamwe madziwo ndi kusungunula mcherewo. Pampu imasulidwe pakapita miyezi ingapo ndi kunyikidwa mu viniga kuti laimu womata pa gudumu achoke.